Sabata Yosamutsa Anthu pa Msumba

Lolemba
Kalata yafika ndi sitima ya mishoni. Padiri akubwera Lamulungu kudzasankha mphunzitsi mmodzi, ine kapena a Barnaba, woti apite kusukulu yatsopano kumapiri. Ulendo wa masiku awiri. Kulibe nyanja, kulibe nsomba, ndiwo ndi nyemba chaka chonse!

Kalatayo ndi ya Chingerezi, liwu lake ndi transifa. Ndatsegula buku langa lakukoleji. Angerezi ali ndi liwu losamutsira munthu, lina lopatsira munthu ntchito ina, lina losandutsira chinthu chakale kukhala china. Onse aulemu, ngati munthuyo akupita kuukwati.

Ine sindipita. Padiri aone yekha kuti pano pakuyenda chifukwa cha mutu wanga. Ndiyamba mawa:
- a Yohana, oliza belu, akalamba ndipo amachedwa. Akalondere anyani kumunda wa chinangwa.
- belu atenge a Petro, msodzi, amalawira.
- bwato lakale lili pamchengalo likhale benchi ya sukulu.
- khoka long'ambika likhale mpanda wa mbuzi.

Lachiwiri
Zonse zatheka. A Yohana apita kumunda akung'ung'udza. Ana khumi akhala m'bwato, akuwerenga bwino. A Barnaba angokhala pansi pa mtengo wa mango, akutokosa m'mano. Akazi anga amake Lusiya akuti, "Mwayamba liti kulamula akuluakulu?" Sakudziwa kuti ndikuchitira iwo omwe.

Lachitatu
Belu lalira pakati pa phunziro la masamu. Mudzi wonse wathamangira kutchalitchi, ena atanyamula mabuku a nyimbo. Tapeza a Petro akuloza kunyanja: "Nsomba zawira, bwerani tikoke!" Khoka latuluka lodzaza, aliyense wapita ndi ndiwo. Ndawadzudzula. Akuti, "Munati belu ndi loitanira anthu, aphunzitsi. Abwera kapena sanabwere?"

Lachinayi
Mbuzi zadya mpanda. Ndinaiwala kuti khokalo ndi la bwazi, luzi la kutchire.

Kumunda nako! A Yohana apachika khasu lakutha pamtengo, akulimenya m'mawa, masana ndi madzulo, monga achitira ndi belu zaka zonsezi. Anyani aphunzira nthawi. Khasu likalira amapita kukapuma pathanthwe, likaleka amabwerera. Chinangwa chatsala mizere itatu.

Lachisanu
Bwato lija lili ndi mwini. A Saidi, amalonda achisilamu a kutsidya kwa mtsinje, abwera ndi abale awo anayi. Akuti analisiya kuti liume alimate. Alinyamula ana ali pakati poimba nyimbo, masileti ali momwemo. Sipayi, wapolisi wa Kampani yolamulira dziko lino, amadutsa panjira, waima kuseka mpaka chisoti chagwa. Manyazi andigwira, ndipo mantha ayamba. Atsala masiku awiri.

Loweruka
Ndikubweza zonse m'malo mwake. Zikukana!
- a Petro akuti belu sapereka, sabata ino agwira kuposa mwezi wathunthu.
- a Yohana akuti kumunda kuli mthunzi, ndipo anyani sanawanenepo kuti achedwa.
- mbuzi ziwiri zili m'chipinda chovalira ansembe.
A Barnaba andifunsa ngati ndikufuna thandizo, koma sanadzuke.

Lamulungu
Padiri wafika. Nthawi ya Misa yakwana, a Petro aliza belu, lero pa nthawi yake. Anthu atuluka m'midzi yonse mpaka ya kunjira ya ku Lunho, amayi ndi madengu, abambo atapinda nsalu m'chiuno, a Saidi ndi abale awo kumbuyo. Aona mzungu pakhomo, achita manyazi kubwerera, alowa. Tchalitchi chadzaza mpaka pabwalo.

Padiri misozi m'maso. Wafunsa amene wachita zimenezi. A Barnaba aimirira msangamsanga: "Ndi anzangawa, Padiri. Ine sindinakhudzeko n'pang'ono pomwe."

Wandigwira dzanja pamaso pa onse. Akuti munthu wotere ndi amene akufunika kumapiri, kumene Akhristu ndi atatu okha. Ndinyamuka mawa.

Mtima wandiwawa, koma ndingadandaule kwa yani? Amake Lusiya sanakalipe. Andimangira usipa wouma, mchere ndi ufa wa kondowole. Ndayang'anitsitsa mtolowo. Mphasa yake ndi ya munthu mmodzi.