Ufa wa Chinkhoswe ndi Satelayiti Yanga

Mukadzafika kwathu kuno ku Nsaru n'kumva anthu akunditchula kuti "a Zanyengo", chonde musadzafunse pagulu. Bola ndikuuzeni ndekha.

Mwana wathu wamkazi Tadala amagwira ntchito yolosera zanyengo ku Blantyre. Atabwera patchuthi anandisiyira foni yake yakale, n'kundifotokozera kuti kumwambaku kuli masatelayiti oyeza chinyezi, kutentha kwa mpweya ndi mphepo. Manambalawo amawalowetsa m'makompyuta akuluakulu, makompyutawo n'kuwerengera kumene mvula igwere. Ine, mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito, mtima unangoti myaa. (Anawonjezeranso kuti, "Koma adadi, muziyang'anabe kumwamba." Zimenezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.)

Ndiye inafika sabata ya chinkhoswe cha Tadala yemweyo. Akazi anga, a Nabanda, anakonola chimanga, kuviika mphale masiku atatu, kutsuka, kugayitsa. Lachinayi m'mawa ufa unali mbee pamphasa zinayi pabwalo, kudikira alendo akuchimuna Loweruka.

"Bambo a Tadala, kwatentha moipa, ndipo kumadzuloku kwayamba kuda. Ine ndikupita kutchalitchi. Mukaona mtambo, muanule ufawu."

"Mayi, satelayiti ikuti dzuwa tsiku lonse. Maso anuwo amathera pamtengo wa mangowo, iyo imaona dziko lonse."

"Chabwino, aphunzitsi."

(Akanditchula kuti aphunzitsi, ndiye kuti zinthu sizili bwino. Zaka zonsezi sindinaphunzirebe.)

Atangochoka ndinakwera njinga, ulendo wa kubawo kumsika. Masana kamphepo kanayamba kuulutsa mapepala. Mnzanga wa bawo, a Kamanga, anati, "Kodi simunayanike kanthu kunyumba, achimwene?" Ndinawaonetsa foni: kadzuwa kachikasu kali ngwee. Dontho loyamba linagwera pafoni pomwepo. Ndinalipukuta ndi malaya, n'kupitiriza kusewera. Inde, ndinatero ine, munthu wa imvi.

Kenaka kunagunda, mvula n'kukhuthuka. Ndinapalasa ngati wopenga, tcheni n'kuguluka pakati panjira, ndinafika ndikukankha. Mayo ine! Pamphasa panalibenso ufa. Linali phala, lina likuyenderera kulowera kukhola, mbuzi zikunyambita mosangalala.

Ndinaimbira Tadala mokalipa. "Makina anuwa ndi abodza!"

"Adadi, pamwamba penipeni pafoniyo palembedwa chiyani?"

"Blantyre."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Kunodi dzuwa likuswa mtengo! Simunasinthe malo eti? Kwanuko makompyuta anaonetsa mvula kuyambira dzulo."

A Nabanda atafika anangoyang'ana phalalo n'kuyamba kupinda mphasa. Ndikanakonda akanandikalipira. Nthawi yoviikanso mphale panalibe, choncho Lachisanu ndinakagayitsa mgaiwa, thumba lili panjinga, mutu uli pansi. Mtima unkandiwawa: mwana wathu mmodzi yekhayo, alendo ake adzadye mgaiwa ngati takumana nawo kudimba?

Loweruka chakudya chitafika, ndinaona azakhali a mnyamata wa Tadala akuyang'anitsitsa m'mbale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma a Nabanda ananditsina pamkono.

"Pepani alendo athu," anatero akumwetulira, "bambo akunowa ndi ophunzira. Anatiletsa ufa woyera, akuti mgaiwa ndiwo wopatsa thanzi."

Azakhali aja anagwedeza mutu. "Zoonadi, akuchipatala amatero. Mwana wathu wagwera m'banja lanzeru."

Kuyambira tsiku limenelo, pakhomo pano amandiphikira mgaiwa ndekha, anzanga akudya woyera. Ndipo sindingadandaule, poti lamulolo akuti ndinakhazikitsa ndine.