Lachinayi limene ndinaloka

Nkhaniyi sindikonda kuinena pagulu, chifukwa anthu amayamba ndi kuseka, kenako kuseka kumatha, n'kutsala ine ndi manyazi anga.

Munali mu 2017. Kumpingo wathu wa Amalawi ku Alexandra kunali madala ena, aMbewe, amene anabwera ku Joni nthawi ya migodi osabwereranso kumudzi. Analibe mkazi, analibe mwana, ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni. Atawagoneka m'chipatala, tinagwirizana kuti tsiku lililonse kuzipita munthu mmodzi masana, kukawamwetsa phala ndi kucheza nawo m'Chichewa. Imfa sankaiopa. Ankangoti, "Ana anga, ndisadzafe ndikuyang'ana khoma. Pambali panga padzakhale munthu wakwathu."

Ine ndinkagwira ntchito pa shopu yosindikiza mapepala m'tauni (ntchito yanga yeniyeni inali yothira mapepala m'makina, koma kumpingo ankanditi wa makompyuta, ndipo sindinawatsutsepo). Ndiye ndinapanga mndandanda wa pa intaneti, wa timabokosi uja: tsiku uku, dzina uku, nambala ya wodi pamwamba. Ndinaponya linki pagulu lathu la pa foni kuti aliyense azidzilembera tsiku limene ali ndi mpata.

Abale, zala za anthu athu n'zazikulu, mafoni ndi ang'ono. Sabata isanathe, wina anafufuta Lolemba lonse. Wina analemba vesi pa nambala ya wodi. Wina, amene mpaka lero sanadziulule, anapaka mndandanda wonse chikasu. Maina ankachoka ndi kulowa ngati anthu pa renki ya takisi. Komatu m'chipwirikiti chonsecho, aMbewe sanakhalepo tsiku osaona mlendo. Munthu akatanganidwa ankangochotsa dzina lake mwakachetechete, wina akaona bokosi lili pululu n'kulembapo lake.

Zimenezo ine sindinazione. Ndinkangoona uve pa ntchito ya manja anga. Ndinafufuza mpaka ndinapeza njira: umasankha timabokosi, n'kuuza kompyuta kuti wosintha ndiwe wekha, ena azingoona ndi maso. Anthu anzeru amaloka mitu ya mndandanda ndi masiku basi. Ine ndinaloka zonse, ndi maina omwe.

Lamlungu ndinaimirira nthawi ya zolengeza. "Kuyambira lero mndandanda ndaloka. Wofuna kusintha azidutsira kwa ine. Ndiponso pagulu paja tisamalembepo za kusintha masiku, pakudzaza."

Mayi wina anakweza dzanja. "Nanga inuyo mukakhala bize, achimwene?"

"Foni yanga sigona, mayi," ndinayankha (manja ali m'matumba, mundikhululukire).

Mauthenga anayamba kugwa. "Achimwene, chinthu chanu chikukana." "Eish bra, vula phela, tatsegulani, tikufuna tisinthane ndi akazi anga." Masiku awiri oyamba ndinkayankha mwaulemu, ndikumva kukoma kuti anthu akugogoda pakhomo panga. Kenako ndinatopa. Ndinaganiza zomasiya mauthengawo osawatsegula, ndizidzayankha onse pamodzi Loweruka.

Lachinayi la sabata imeneyo linali la mayi Nachisale, mayi ofatsa amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways. Ndi okhawo amene ankanditchula kuti a sekilitale popanda kuseka. Lachitatu masana dzina lawo linaoneka pa foni yanga kawiri, kenako anaimba. Ndinali pa makina, kasitomala ali pamphuno. Ndinangoti mumtima, "Nawonso ayamba," n'kuibweza foni m'thumba.

Lachisanu linali la aPhiri, mkulu wa mpingo. Anandiimbira ali pakhomo la wodi. Pa bedi la aMbewe anapezapo munthu wina. Nesi anawauza kuti madala anatisiya Lachinayi, nthawi yozonda odwala itangotha kumene, ndipo kuyambira m'mawa ankangofunsa kuti lero akubwera ndani.

Ndinakhala pa katoni ya mapepala, n'kutsegula mauthenga aja. Woyamba unati: "A sekilitale, madamu akunditenga ku Durban mawa m'mawa, sindingakane. Ndayesa kuchotsa dzina langa, likukana. Chonde ikanipo wina." Wachiwiri unati: "Pagulu sindilemba poti munaletsa. Ndikudalira inu."

Anthu oposa makumi awiri anali ndi linki ija. Ena anali pa ofu tsiku limenelo, ena amakhala pafupi ndi chipatala. Onse anaona kuti Lachinayi lili ndi mwini wake, lolembedwa bwinobwino, mosapindika, ndipo anakhazika mitima pansi.

Choipa kwambiri sindinachinenebe. Loweruka tinakumana pabwalo la tchalitchi kukonza za maliro, ndipo anthu anatsegula mndandanda kuti aone amene anali pa Lachinayi. Manong'onong'o anayamba. "Munthu kulemba dzina osapita." "Akanangonena." Mayi Nachisale anali atangofika kuchokera ku Durban, atakhala pakati pa amayi, nkhope ataphimba ndi chitenje. Foni anali nayo m'chikwama, mauthenga ali momwemo, koma sanaitulutse. Ndipo ine, wa makompyuta, ndinakhala chete pafupifupi ola lathunthu, ndikulemba dongosolo la maliro ngati munthu wabwino.

Chimene chinandidzutsa ndi mawu a aPhiri, akuti akacheza nawo mayiwo pambali. Ndinaimirira n'kuwerenga mauthenga awiri aja mokweza, ndi nthawi yomwe anafika. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndikanakonda akanatero. Koma palibe anandikalipira. APhiri anangoti, "Tamva, achimwene. Khalani pansi."

Anthu atabalalika ndinapita kwa mayi aja. "Mayi, ndakulakwirani. Ndikhululukireni."

Anapukuta m'maso. "Palibe mlandu, a sekilitale. Kungoti ndinadina dzina lija mpaka chala kuwawa. Ndimaganiza kuti ndine amene sindidziwa foni. Ku Durban konse ndimangodziimba mlandu kuti ndikanaphunzira sukulu, bwenzi madala atamwa phala lawo."

Pamenepo m'pamene ndinalira, kulira kwenikweni, mamina ndi misozi, pamaso pa amayi a mvano.

Mpaka lero mindandanda ya mpingo ndimapanga ndine (palibe wina akufuna, musaganize kuti ndi ulemu). Masiku ndi mitu ndimaloka ndithu, chifukwa wachikasu uja akadali pakati pathu. Koma maina ndimawasiya poyera, ndipo uthenga ukalowa ndimatsegula, ngakhale ndili pa makina. Mndandanda wa aMbewe ndinaumasula Loweruka lomwelo ndili m'takisi, timabokosi tonse, kuti aliyense alembe chimene akufuna. Palibe analembapo kanthu. Kunalibenso woti tikamuzonde.