Mawu Khumi Pakhoma

Lolemba

Pepani inu amene mudzatsegule kope ili. Ndi langa lolembamo za kumunda, koma sabata ino ndabwereka masamba akumapeto.

Tadala, mwana wanga wa Sitandade 7, wabwera ndi mawu khumi a Chingerezi. Onse ali ndi zilembo g, h, t zotsatizana. Mayeso ndi Lachisanu. Okhoza okha ndi amene alembedwe m'kalasi la masana lokonzekera Sitandade 8. Mtima uli m'mwamba! Ine ndinalekera Sitandade 5, koma dzanja langa ndi labwino.

Ndakopera m'kope lake, ndawerenga kawiri:

light, kuwala
night, usiku
bright, chowala kwambiri
right, kumanja
tight, chothina
fight, ndewu
height, kutalika
weight, kulemera
eight, zisanu ndi zitatu
daughter, mwana wamkazi

Nzeru yanga: liwu lililonse lilembedwe ndi khala pamalo pamene pali chinthucho. Mwana akamayenda pakhomo aziphunzira osadziwa. Tadala akuti, "Chabwino, ababa." Akumwetulira. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachiwiri

Ntchito yayamba. Makala atatu, osongola ndi mpeni. Mizere ndikuyeza ndi bango kuti isapendame.

Light pansi pa zenera. Bright pamwamba pake. Night pakhoma la kuchipinda. Fight pakhola, poti atambala anga awiri satha tsiku osamenyana. Height pankhokwe. Weight pathumba la mtedza. Tight pamtengo womangirira mbuzi. Eight pakhonde, ndi timizere tisanu ndi titatu.

Daughter sindikupeza polemba. Sungalembe pamwana. Ndalemba ndi bolopeni m'kati mwa chipewa changa, mongoyembekezera.

Amake Tadala aima, manja m'chiuno: "Kodi nyumba yanga yasanduka bolodi, eti?"

Lachitatu

Vuto! Right ndinalemba kumanja kwa chitseko polowa. Lero potuluka ndaona kuti ali kumanzere. Ndafufuta, ndalemba mbali inayo. Polowa, ali kumanzere kachiwirinso. Ndalowa ndi kutuluka kasanu ndi kamodzi. Apongozi akundiyang'ana ali pamphasa. Ndalemba mbali zonse ziwiri.

Weight wapita. Thumba lanyamulidwa panjinga kukasinjidwa, nsinjiro za chinkhoswe cha mlamu wanga Esinati, chimene chichitikire pakhomo pano Loweruka. Palibe amene wandifunsa. Mkamwini safunsidwa za thumba.

Mbuzi yadzikanda pamtengo. Pa tight patsala t mmodzi.

A Chimphepo, mkulu wa mpingo, aima pakhola nthawi yaitali. "Vesi limeneli lili m'buku liti?" Ndafotokoza kuti ndi ndewu. Akuti Mkhristu salemba ndewu pakhomo pake. Ndafufuta. Atambala akupitiriza.

Otsala: asanu ndi awiri, kuwerengera wa m'chipewa.

Madzulo ndamuyendetsa Tadala khoma ndi khoma. Ndikuloza ndi bango, iye akutchula. Pa height wandikonza katchulidwe kawiri, mwaulemu. Kenako akufunsa, "Ababa, bwerezani, ndimve bwino." Mwana ameneyu akundidalira. Ndisamugwetse.

Lachinayi

Kudimba m'mawa wonse, kuthirira mpiru. Ndikubwereza mawu ndi kheni m'manja.

Pobwera, mayo ine! Amayi asanu ndi mmodzi pakhomo, mabeseni a dothi lotuwa, nyimbo. Akuzira. Khonde, makoma, kuchipinda, ngakhale nkhokwe aipaka. Alendo akuchimuna a ku Nsaru asapeze nyumba yamakala. Khoma lasalala ngati dzira.

Light kulibe. Bright kulibe. Night, height, eight, right onse awiri.

Ndinadziwa kuti chinkhoswe chisanachitike amazira. Zaka zonsezi ndakhala m'mudzi muno ndikuona. Ndinayeza mizere ndi bango, koma izi sindinaziganize.

Amake Tadala: "Mukakhudza khomali lisanaume, bambo ake Tadala, mukagona ndi atambala anuwo."

Esinati, akuseka: "Alamu, lembani pansi ndi chala, ifenso tinaphunzira choncho!"

Ndalembadi pabwalo. Asesa.

Tadala ali kumjigo ulendo wachinayi. Nthawi yowerenga alibe.

Lachisanu

Ndamuperekeza mpaka pamlatho. Ndimafuna kumufunsa onse khumi, koma m'mutu mwanga mwatsala bii. Ndangovula chipewa, ndamuonetsa m'kati. Wawerenga, wandigwira dzanja, wathamanga.

Kudimba ndathirira bedi limodzi kawiri, lina ndaliiwala.

Wabwera masana. Ndisanatsegule pakamwa, azakhali ake amupatsa ndowa. Nkhope yake sindikutha kuiwerenga. Kufunsa pagulu sindingathe. Bwanji ngati walephera chifukwa cha ine?

Loweruka

Chinkhoswe. Anthu, mafumbi, nthungululu. Ntchito yanga ndi mabenchi: kubwereka, kunyamula, kubweza. Tadala ndamuona katatu, nthawi zonse ali ndi mbale m'manja.

Mlendo wina wa ku Nsaru akusisita khoma: "Koma nyumba iyi ndi yosamalika!" Ndayankha zikomo. Sakudziwa kuti pansi pa dzanja lakelo pagona bright.

Thumba lija labwerera lopanda kanthu. Weight akadalipo, kulemera kulibe.

Lamulungu

Tikuchokera ku tchalitchi, Tadala watulutsa pepala m'buku la nyimbo. Khumi pa khumi! Alembedwa m'kalasi la masana. Ndakhala pansi pamphepete pa msewu, ndi jekete yomwe.

Ndafunsa kuti zatheka bwanji khoma litafufutika. Akuti, "Ndinawaloweza Lolemba lomwe lija kusukulu, ababa. Koma inu munkasangalala."

Kenako watenga bango langa. "Tsopano inu." Wandifunsa onse khumi, amake akumvetsera. Ndakhoza awiri: eight, ndi wa m'chipewa. Amake Tadala akuti awiri si ochepa kwa munthu amene wathera sabata pachitseko.

Basi, mphunzitsi sindine. Ndavomera. Makala awiri otsala ndabweza kukhitchini. Limodzi ndasunga.

Tadala akuti mawa kukubwera mawu ena, ndipo akufuna wowerenga naye. Ndang'amba tsamba, ndalemba kalata yoti apite nayo:

Aphunzitsi, pepani kukuvutitsani. Kodi ndi zololedwa kuti Tadala azibwera ndi mapepala awiri, lina la bambo ake? Chonde ndiyankheni lisanafike Lachitatu. Khoma lauma, ndipo amake andilola mbali ya kuseri.