Mapatapata ku Konsati ya Opukwa

Usiku wathawu ndinalota ndavala jekete yanga yopitira kumaliro ija, ndaima pakhomo la holo ina yaikulu dzuwa likuswa mtengo. Musayambe kuseka, anzanga, imvani kaye. Gwero lake ndi khadi limene a Kaphwiti, bwana wathu wa kuofesi, anandipatsa dzulo, londiitanira ku konsati ya Loweruka: oimba anayi okha, vayolini ndi abale ake, popanda ng'oma, popanda wovina, mutu wake akuti "Kupukwa". Khadilo ndinalisiya patebulo, koma linanditsatira kutulo.

Mukudziwanso kuti akazi anga, amake Zione, anapita ku Mzuzu nthawi ya mango kukathandiza Zione ndi khanda. Khandalo pano likukwawa. Lamulungu lapitali anandifunsa pafoni kuti, "Kodi kumeneko mukundisowa, kapena ndikhale mpaka mwanayu ayambe sukulu?" Ine, pokhala munthu wamkulu, ndinayankha kuti pakhomo palibe chasowa kupatula sefa ya tiyi. Iwo anangoti "Chabwino," n'kudula foni.

Ndiye m'malotomo chitseko cha holo chinanditsekereza.

"Mwabwera ndi chopukwa chanu, bambo?" chinafunsa chitsekocho, mwaulemu ndithu.

"Ndabwera ndi khadi."

"Khadi aliyense ali nalo. Muno mumalowa anthu amene akusowa kanthu."

"Ndikusowa sefa."

Chitseko chinaganiza kaye. "Lowani, koma mukhale kumbuyo. Kutsogolo n'kwa opukwa zakunja. Chifuwa musiye m'dengumo."

Panalidi dengu pamenepo, anthu akusiyamo zifuwa zawo asanalowe, dengulo likutsokomola lokha pang'onopang'ono. Changa ndinachibisa m'thumba la jekete, pakuti zinthu zosiya pakhomo sizibwera zonse.

Ndiye a Kaphwiti anakwera pansanja kukatsegulira mwambo. Anati kusowa n'kwa aliyense, ngakhale wosowa mchere akusowa, koma kupukwa n'kwa anthu oyenda. Anati iwo mtima wawo unatsala ku Ulaya, kumene anakakhala sabata yathunthu pa maphunziro, ndipo mpaka lero akaona fuliji yotsegula, n'kukumbukira kuzizira kwa kumeneko, misozi imalengeza. Akulankhula choncho khosi linayamba kufiira, tayi inasanduka mnofu wolendewera, ndipo mwadzidzidzi kumbuyo kwawo kunatambasuka nthenga, thuu! Anali nkhukundembo. Palibe anadabwa. Inenso sindinadabwe, popeza Lolemba lililonse pamsonkhano ndimaziona zikuyamba, kungoti nthawi imatha.

"Malamulo," inatero nkhukundemboyo. "Osaomba m'manja nyimbo ikangopuma. Osalulutira. Osagwedeza phewa. Wofuna kulira alire ndi diso limodzi, la kukhoma."

Oimba sanabwere. Akuti poyeserera nyimbozo anapukwa kwawo onse anayi, n'kukwera minibasi. Ndiye zida zinabwera zokha: mavayolini awiri, piyano yodandaula dzino, ndi chivayolini chachikulu cha mwendo umodzi, chimene amachitcha chelo.

Zitayamba kuimba, anzanga, sindinama, zinali zokoma. Vayolini yaing'ono inalira chapansipansi, holo yonse n'kununkhira fumbi la mvula yoyamba. Bambo wadazi amene anakhala patsogolo panga tsitsi linamera, anali kulisisita mwakachetechete, ndipo nyimbo itapuma linatsanzika n'kubwerera kumene linachokera. Mayi wina wa zibangili zambiri ndinamuona wavala yunifolomu ya pulaimale, akudya bwemba. Ndiye makoma anayamba kuyenda, holo yasanduka sitima ya pamtunda, pawindo pakudutsa nyumba zimene anthuwo anabadwiramo, aliyense akuloza yake ndi chibwano poopa malamulo. Ine pawindo langa panali khoma basi.

Mwadzidzidzi chelo inasiya anzake, inatsika pansanja ikudumphira mwendo wake umodzi uja, mpaka inafika kumbuyo kumene ndinali.

"Achimwene," inatero ndi mawu a m'mimba, "inu nokha sitinakuimbireni. Mukusowa chiyani?"

"Sefa ya tiyi."

Inayesa. Inakoka uta wake woimbira pazingwe zake uku ndi uku, osatuluka kanthu, mphepo yokha.

"Sefa ilibe nyimbo, achimwene, ili ndi mabowo okhaokha. Amadziwa pamene imakhala ndani?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Basi, ndamva," inatero chelo. Ndiye inakoka uta kamodzi, pang'onopang'ono, ndipo chimene chinatuluka si nyimbo ayi. Thya, khwee. Thya, khwee. Mapatapata a amake Zione, obiriwira aja. Lakumanja limamenya chidendene, lakumanzere limakhwekhwereza chifukwa lamba wake ndinamangira waya ine ndemwe, ndikulonjeza kuti ndigula ena mwezi ukatha. Thya, khwee, kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini m'mamawa, kuima pawindo, kakhosomo kamodzi, kenako thya, khwee kubwerera kudzandiuza kuti madzi afunda.

Nkhukundembo inatupa. "Zimenezo palibe pandondomeko! Kumeneko si kupukwa, ndi phokoso la m'nyumba!"

Koma mapatapatawo anali atalowa kale m'holo, okha, opanda mwini, akuyenda pakati pa mipando. Anadzaima patsogolo panga, zala zonse kuloza ine.

"Abambo a Zione," linatero lakumanja, "tikhale kapena tizipita? Basi ya ku Mzuzu ikudikira."

"Ine waya uyu akundilasa," linatero lakumanzere, "koma si nkhani yake imeneyo."

Ndinatsegula pakamwa. Nkhukundembo inati, "Shii! Nyimbo sinathe." Ndiye ine, munthu wolemekeza mabwana, ndinatseka pakamwa n'kukweza dzanja kudikira chilolezo. Ndinadikira ndithu. Mapatapata anayang'anizana, lakumanja linati "Chabwino," ndendende mawu a pafoni aja, n'kutembenuka kulowera kukhomo. Thya, khwee.

Apo ndiye ndinadzambatuka. Pansi panasanduka phala, miyendo ikumira mpaka m'mawondo, chitseko chikutseguka mwaulemu womwe uja kuti adutse. Ndinati ndikuwe, mawu osapezeka. Ndinapisa m'thumba kufuna mawuwo, ndinapezamo chifuwa chija, ndipo chinaphulika pakati penipeni pa nyimbo, khoo! Holo yonse inaganiza kuti konsati yatha. Anthu anayamba kuomba m'manja, nkhukundembo ikuthamanga uku ndi uku kuwaletsa, iwo osamva, thya, thya, thya...

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, amayi a nyumba yoyandikana akupita kumpopi ndi ndowa, mapatapata awo onse awiri amoyo, thya, thya, thya.

Foni ndinaiimba ndisanasukusule.

"Sefa ija yapezeka?" anatero amake Zione, osayamba ndi moni.

"Inali pamsomali pake. Kuno kwasowa munthu."

"Munthu wake uti?"

"Wina wake wa mapatapata obiriwira. Komanso khadi la a Kaphwiti ndaliwerenga bwino, akuti n'la anthu awiri."

Ndinangomva foni ikuikidwa patebulo, mawu awo akuitana chapatali kuti, "Zione, chikwama changa chija unachiika pati?" Kenako pasimenti ya ku Mzuzu, bwinobwino ngati ndili pomwepo: thya, khwee. Thya, khwee.