Nyesi Yomwe Inayeretsa Dziwe la kwa Apongozi

Inu mukuseka kumapetoko, sekani, mano ndi anu, koma bawoyo ayambe waima mpaka nditsirize. Mwangomva pa wailesi kuti ophunzira atulukira njira yochotsera utoto m'madzi ndi magetsi, basi mwayamba kuwomba m'manja. Atulukira chiyani? Ine Che Bwanali ndinachita zimenezo konkuno ku Mangochi, wopanda buku, wopanda jekete loyera, ndipo wotsutsa aimirire ndimuone nkhope.

Mkazi wanga Abiti Jana masiku amenewo ankanyika nsalu mu utoto n'kumagulitsa pamsika, ndipo ntchito yanga monga mkamwini inali yokataya madzi otsala. Anandiuza kuti ndizikataya kudzenje kuseri kwa chulu, koma chulucho chinali kutali ndipo msana ndi wanga, choncho ndinkangokhuthulira m'dziwe lomwe mudzi wonse unkachapiramo. Poyamba zinali zii. Kenako achule anayamba kutuluka ofiira ngati tomato, abakha a apongozi anaikira mazira amizeremizere, mbuzi yomwe inamwamo inabereka mwana wamaluwamaluwa ngati chitenje, ndipo kutatsala masiku atatu kuti Idi ikwane, makanzu, mikanjo yoyera ija ya amuna onse a m'mudzi, anavuulidwa m'dziwemo ali pinki. Mukumva? Amuna a ndevu zawo, pinki!

Abiti Jana sanakuwe ayi. Anangopinda mphasa yanga n'kuiimika pakhomo.

"Bambo, madzi aja akapanda kuyera pofika Idi, njira ya kwanu ku Namwera mukuidziwa."

Ndinachita mantha, sindibisa. Mkazi ameneyo ndimamukonda, komanso ku Namwerako ndinalibe ngakhale mzere umodzi wa fodya.

Ndinathamangira kwa mnzanga Che Mussa, wokonza mawailesi pamsika. Iye osadzutsa n'komwe mutu anati, "Utoto umaopa nyesi. Mumize zitsulo ziwiri m'madzimo, muthire mchere, mulumikize mawaya. Nyesi ikadutsa, utotowo uphwanyika wokha."

Akuti iye ankanena mphamvu ya magetsi, ya m'batire la galimoto. Ine ndinamva nsomba, nyesi ija ya kumunsi kwa Shire, yooneka ngati mlamba wonenepa, imene ukaigwira umavina usakufuna. Sindinafunsenso, munthu wamkulu safunsa kawiri.

Ndinakwera njinga yanga ya kabaza m'mawa womwewo, ndinapalasa mwakuti pa Liwonde ndinadutsa chithunzithunzi changa chikadali pa Ulongwe, pa Zomba apolisi anaimitsa fumbi langa n'kulifunsa mapepala, potsetsereka ku Chikwawa mabuleki anayaka moto ine n'kuwotcherapo chimanga ndikuyenda, ndipo ndinafika ku Nsanje tiyi amene ndinamwa kunyumba asanazizire m'mimba. Nyesiyo ndinaigwira ndi manja nditavala chubu cha tayala, yaikulu ngati thumba la feteleza, ndevu zake kutalika ngati chingwe choyanikira zovala. Ndinaiika mu mgolo pakaliyala. Pobwerera sindinapalase ngakhale kamodzi, njinga inkayenda yokha ndi mphamvu ya nsombayo, belu likulira lokha, mafoni a anthu m'mbali mwa msewu akudzaza moto ndikamadutsa, mpaka mayi wina pa Liwonde anandithamangira ndi ayironi kuti asiteko malaya a mwamuna wake. Wallahi, ndikunama ine?

Nditafika padziwe ndinamiza lata lakale mbali ino, khasu la apongozi mbali inayo, waya wina ndinamanga kundevu za nyesi, wina kumchira, n'kukhuthula mchere wonse umene Abiti Jana ankasungira usipa. Nsomba ija inangoti phee. Inali itanyanyala, poti ulendo wonse sindinaipatse kanthu. Ndinainyengerera, ndinaiimbira, osatheka. Ndiye ndinawerama n'kuinong'oneza kuti, "Kani anthu amanena zoona, ndiwe mlamba wamba."

Abale anga! Dziwe lonse linabwata thovu lokhalokha, fungo ngati m'chipatala atangokolopa, ndipo ndinaona ndi maso angawa utoto ukuphwanyika: wofiira unayamba kuthawa, wobiriwira unatsatira ukupunthwa, wachikasu unakabisala pansi pa mwala koma nyesi inautulutsa, wakuda wokha ndiwo unalimbalimba mpaka nsomba inatsokomola kawiri. Madzi anayera mwakuti abakha anakana kulowamo poganiza kuti ndi dzenje louma, amayi anabwerera ndi ndowa zawo n'kumati dziwe laphwa, ndipo makanzu aja titawaviikamo anawala mpaka anthu ankapatsana moni atatsinzina. Imvi mukuzionazi si ukalamba. Phazi langa linali m'madzi, tsitsi langa linayerera limodzi ndi makanzu. Amene amati sabata imeneyo kunagwa chimvula n'kutsuka dziwe ndi ansanje, musawamvere.

M'mawa wa Idi Abiti Jana anabwera kudzaona okha, atavala bwino, mudzi wonse uli pambuyo pawo. Anayang'ana madzi, anayang'ana ine. Ndinaona kuti mtima wawo wayamba kufewa.

"Maso amanama," anatero. "Ndilaweko."

Apa m'pamene ndinakumbukira kuti nsomba ija sindinaivuule. Ndisanatsegule pakamwa, dzanja lawo linali litalowa kale m'madzi. Mkazi wanga anauluka, anadutsa pamwamba pa mtengo wa mango, duku linatsalira munthambi, iwo n'kukatera pa denga la khola la mbuzi ali chikhalire, maso ali tong'o. Mawu anawathawa sabata yathunthu. Ankangondiloza ndi chala, kuloza msewu, kulozanso ine, koma ine ndinauza ankhoswe kuti chala si mawu, ukwati sutha ndi chala.

Ndiye mundiuze, amene anapambana ndani? Dziwe linayera, ku Namwera sindinapite, mkazi ndikadali naye yemweyo. Zoti kuyambira tsiku limenelo ndimagona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku, zimenezo n'zoona, koma khitchiniyo ili pamudzi pomwepo, ndipo chaka chino alonjeza kuti aikapo chitseko.