Singano ya oyilo ndi mabelo anga

Lolemba
Mkamwini wakana! Akuti pikapu yake sinyamula mabelo anga a fodya mpaka singano yoonetsa kutentha kwa oyilo itasiya kuloza pofiira. Lole ya ku okushoni inyamuka pa Nathenje Loweruka. Mkamwiniyu ndi mphunzitsi, amakhulupirira singano kuposa dzanja. Injini ndaigwira m'mawa, zii ngati mtsuko. Ikutentha pati? Ine ndinagwirako m'galaji ku Halale. Mawa zitha.

Lachiwiri
Okayikitsa:
kachitsulo komva kutentha, pansi pa injini
waya wake
singano yomweyo
Ndamasula kachitsulo. Oyilo yense thii, kumaso ndi m'dothi. Kachitsulo kali m'manja, singano ikadali pofiira. Ndiye kalibe mlandu. Kungozula waya kukanandiuza zomwezi.

Lachitatu
Pa Mitundu kukagula oyilo. Khadi la chipani latsala m'jekete. Anyamata a pachipata cha msika: "Madala, opanda khadi abwerere." Ndabwerera. Njinga nayo yaphwa.

Lachinayi
Boneti yagona yotsegula masiku atatu. Thadzi la mayi a kunyumba laikiramo, pambali pa batire. Iwo akuti: "Mukalisuntha, ndiwo zanu ndi mawayawo." Lero ntchito palibe. Ndangokhala, ndikuyang'anana ndi nkhuku.

Lachisanu
Ndikutsata waya ndi chala, nkhuku ikundijompha. Ndapapeza! Wasupuka, ukugunda chitsulo. Pamene wasupukapo ndi paja ndinamangirira hutala ndi waya wa mpanda mwezi watha, mwini wake ali kusukulu. Ndakulunga ndi mphira wa chubu. Singano yatsika. Ndayamba ndakhala pansi.

Loweruka
Mbandakucha, mabelo tapakira, nkhuku ndi mazira ake tasamutsira m'dengu. Mkamwini wasolola kandodo ka oyilo. Kouma gwa! "Bambo, nanga singanoyi tsopano ikuyeza chiyani?" Za oyilo ndinaiwaliratu. Tabwereka ngolo. Pofika pa Nathenje, fumbi la lole lokha.

Lamulungu
Mabelo abwerera m'chigafa, fodya akuuma mopitirira. Lole ina akuti mwina sabata ziwiri.
Ndakhala ndikuiganizira singano ija. Ndinkaitcha yabodza. Si yabodza. Imangonena zomwe waya waiuza, ngati tonsefe masiku ano.
Mkamwini wandithokoza pamaso pa anthu kutchalitchi, akuti ndili ndi mutu. Za hutala sindinamuuze.
Mayi akuitana. Akuti ndiwo ndi mazira aja, thadzi lawakana chisamutsireni. Ndikadye.