Funso Limodzi kwa Apongozi M'chimanga

Lachinayi lapitali ndinathamangitsa apongozi anga aakazi pa njinga m'munda wa chimanga ku Palabana, dzuwa likuswa mtengo. Mboni zinalipo zinayi, osawerengera ng'ombe.

Chichotsedwereni ntchito ku nyuzipepala ku Lusaka (anati akuchepetsa antchito, ndipo wochepetsedwayo ndinali ine), ndimakhala pa famu yaing'ono ya makolo a mkazi wanga. Ntchito yanga ndi kukasiya mkaka pa njinga m'mawa uliwonse. Tulo tinathawa, chakudya sichinkalowa. Ndinatsimikiza kuti banja lonse likundiona ngati mtolo, mpaka ndinayamba kulongedza kuti ndichoke, mkazi ndi mwana wathu Dalitso atsale. Mkazi wanga atapeza chikwamacho anandikweza minibasi kupita kwa Mai Zulu, mlangizi amene ali ndi kaofesi ka uphungu pa boma ku Chongwe.

Mai Zulu sapereka mapiritsi. Amafunsa mafunso.

"Mwaziba bwanji kuti apongozi akunyozani?"

"Akaniona panjira apatuka, alowa muthengo."

"Pamene munali pa nchito, anali kuchita bwanji?"

"Anali kupatuka."

"Munali kukamba kuti ni chani?"

"Ulemu."

Kenako anafotokoza kuti munthu mtima ukamulemera amawerenga maganizo a anzake ngati chikwangwani, n'kukhulupirira zimene wadzilembera yekha. Anandipatsa pepala la magawo atatu: ganizo, umboni wovomereza, umboni wotsutsa. "Mufufuze monga munali kuchitira ku nyuzi," anatero. (Mawu amenewa ndiwo anandipweteketsa.)

Ku nyuzipepala sulemba za munthu usanamve mbali yake. N'zoona, mkamwini sayandikira apongozi aakazi, ndipo nkhani iliyonse imadzera mwa mkazi. Inenso ndimadziwa. Koma kwa mtolankhani uthenga wodzera mwa wina ndi mphekesera. Ine ndinkafuna mwini nkhani.

Lachinayi lija ndikuchokera kosiya mkaka, ndinawaona apongozi kutsogolo atasenza mtolo wa nkhwani. Anapatuka monga mwa masiku onse. Nanenso ndinapatuka. Anawonjezera liwiro, ine ndinapalasa, zigubu zopanda kanthu zikulira kumbuyo ngati ng'oma. Analowa m'chimanga. Ndinalowamo, kabuku kali m'manja, ndikufuula kuti, "Amai, funso limodzi chabe!"

Pa mzere wachisanu ndi chinayi (ndinawerenga pobwerera) anagwada, anandifulatira n'kudzifunda chitenje kumutu. Ndinaima kumbuyo kwawo ndikupuma mwawefuwefu.

"Amai, kodi muniona monga munthu wopanda pake?"

Sanayankhe ine. Anauza chimanga kuti, "Kaitaneni amake Dalitso. Amuna awo afuntha."

Azimayi anayi amene ankapalira mtedza m'munda woyandikana anali atafika kale, makasu pamapewa. Mmodzi anati, "Ba nyuzi, musaibale kuwafunsa na zaka zawo!" Wina anafunsa ngati chithunzi chidzatuluka Lamlungu.

Yankho linabwera madzulo, kudzera njira imene ndinaikana ija. Mkazi wanga anandipeza pakhonde.

"Atate ake Dalitso, mufuna umboni? Lembani. Amai akamba kuti kuchokera pamene munayamba kupeleka mkaka, sunabwezedwepo kuti wasasa. Anali atauza atate kuti akupaseni kathole kamodzi muyambire zanu."

"Anali?"

"Manje akuti afuna aganizepo bwino."

Ndinalemba zonse m'gawo la umboni wotsutsa, ndipo malo anachepa. Ganizo langa lija linali labodza mpaka Lachinayi masana.

Akuluakulu agamula kuti ndipepese ndi tambala komanso ndidzutse chimanga chimene ndinagwetsa. Tambalayo apita Loweruka m'manja mwa azakhali a mkazi wanga, ine ndikaima kuseri kwa khola kumene sindingaoneke. Za kathole zikambidwa pambuyo pake. Lachiwiri ndikaonekeranso kwa Mai Zulu, amene atumiza kale uthenga kudzera mwa kondakitala wa minibasi kuti ndisafunsenso munthu aliyense tisanaonane.